Ampulifaya Imene Anasankha a Chimbalanga

Uvuni uwu sufuna kuusiya wokha, ndiye poti takhala kale pansi, kankhirani chipika icho mkati ndikuuzeni za a Chimbalanga a ku Bangwe. Ena mwa inu mukuwadziwa, aatali aja oyenda chowerama pang'ono, amene ankakonza masiginolo ku njanji mpaka anapuma pa ntchito. Nkhaniyi sindinaimve kwa iwo, chifukwa iwo saikamba. Anandiuza ndi akazi awo, a Nasibeko, amene ndi msuweni wa mayi anga, ndipo anaifotokoza mosakweza mawu, manja ali kalikiliki kusadzula nkhwani.

A Chimbalanga anali munthu wa nyimbo. Kuimba sankatha, koma kumvera. Anali ndi mbale za galamafoni zodzaza makatoni anayi, zina za magitala a ku Kongo, zina za makwaya, zina zopanda mawu n'komwe, zongolira malipenga ndi zingwe. Zaka zonse za ku njanji ankanena kuti akadzapuma adzakhala pansi n'kumvera mbale iliyonse bwinobwino, kuyambira katoni yoyamba. Atapuma, anamva kuti holo ina yakale ya kanema ku Limbe akuigwetsa, ndipo anapita n'kukatenga masipika awiri amene ankakhala kuseri kwa chinsalu choonetserapo. Anali aakulu ngati makabati a zovala, ndipo pamwamba pa lililonse panali chinthu chonga lipenga lathabwa. Anabwera pa lole, ndipo anachita kuzula chitseko cha pabalaza ndi felemu yomwe kuti alowe.

Atawalumikiza ku ampulifaya imene anali nayo, chida chija chokulitsa mawu, ya masiku ano ino, sizinayende. Akangopotoza pang'ono kokwezera mawu, mawindo ankanjenjemera ndipo ana a m'mudzi ankathamangira kudzaona ngati kuli msonkhano. Akatsitsa, pansi pa nyimbo pankamveka siii, ngati mafuta m'chiwaya. Analimbana nazo miyezi iwiri, mpaka anakaitana Che Asedi.

Che Asedi ndi wokonza mawailesi kuseri kwa msika wa Limbe, nkhalamba yochepa thupi yovala kachisoti koyera, imene yakhala ikugwira ntchitoyo kuyambira nthawi imene wailesi inkafuna kaye kutentha isanalankhule. Atafika ku Bangwe sanayatse chilichonse. Anatulutsa batire ya tochi m'thumba, n'kugunditsa mawaya a sipika limodzi. Sipikalo linati thu, ndipo nkhuku zimene zinali pakhonde zinabalalika. Che Asedi anagwedeza mutu. Anafotokoza kuti masipikawo anapangidwa kalekale, maampulifaya asanakhale ndi mphamvu, ndiye anawapanga kuti kamphamvu kakang'ono kazidzaza holo yonse. Ampulifaya ya a Chimbalanga inali ya mphamvu ya mawati zana, pamene masipikawo mawati atatu kapena asanu anali okwanira.

"Awa ali ngati munthu wa makutu akuthwa, achimwene," anatero Che Asedi. "Simumukuwira. Mumamunong'oneza."

Anati chofunika ndi ampulifaya ya mavalavu, timababu tagalasi tija timene timayaka mofiirira mkati mwa mawailesi akale. Koma anachenjezanso kuti kusankha kwake n'kovuta, chifukwa masipika otere sabisa kanthu. Kaphokoso kalikonse kamene kali mu ampulifaya, kamene masipika ena sangakamve, awa amakatulutsa poyera.

Sabata yotsatira a Chimbalanga anapita ku shopu ya Che Asedi, kachipinda kodzaza mawailesi akufa mpaka kudenga. Che Asedi anali atawakonzera ampulifaya ina yaikulu yachitsulo, yochokera ku holo ya sukulu ina ya mishoni, ya mavalavu anayi akuluakulu. Anati ndi yolimba, mavalavu ake amapezeka, ndipo ikhoza kukhala zaka zina makumi awiri. Ataiyatsa, inaimba bwino ndithu, koma nyimbo ikatha munkamveka kung'ung'uza kwapansipansi, ngati njuchi imodzi m'chipinda chinacho. A Chimbalanga anakwinya nkhope. Anati ngati ikung'ung'uza pa kasipika ka mu shopu, ndiye kunyumba idzamveka ngati chigayo.

Akuyang'anayang'ana, anaona chinthu china pa shelefu ya pamwamba, atachiphimba ndi chiguduli. Anafunsa, ndipo Che Asedi anati n'zakale zopanda ntchito. A Chimbalanga, poti ndi aatali, anangotambasula mkono n'kuchotsa chigudulicho. Inali ampulifaya yaing'ono, yokhala m'bokosi la mbawa lopalidwa bwino, ya mavalavu awiri onenepa ngati mabotolo ndi ena awiri ang'onoang'ono. Panalibe dzina la kampani paliponse. Zinkaoneka kuti munthu anaipanga yekha ndi manja, mosathamanga.

Anaumirira kuti aiyatse. Che Asedi anaiyatsa monyinyirika, ndipo mavalavu atafiira, a Chimbalanga anagunditsa khutu pa sipika. Kunali zii. Anaganiza kuti yafa, koma singano ya galamafoni itagunda mbale, mawu anatuluka oyera ngati madzi a pa kasupe.

Che Asedi anati atenge yaikulu ija. Anati m'zaka zonse zimene wagwira ntchitoyi sanaonepo ampulifaya yopanda kaphokoso ngakhale pang'ono, kupatula imeneyi, ndipo iye sakonda chinthu chimene sakuchimvetsa. Anati anthu awiri anaitengapo, ndipo onse anaibweza mwezi usanathe, osafotokoza chifukwa chomveka.

"Kaphokoso pang'ono si koipa, achimwene," anatero. "Kamatseka zina."

A Chimbalanga anaseka. Anati anthu awiriwo ayenera kuti anali ndi masipika ogontha. Anaikulunga ndi chiguduli chomwecho n'kuinyamula.

Unali mwezi wa Okutobala. Anatsika minibasi dzuwa lili paliwombo, n'kuika katunduyo paphewa. Njira ya kwawo imadutsa pa kamlatho ka matabwa, pa khwawa limene nthawi imeneyo limakhala louma gwa. Pa kamlathopo anapeza bambo wina ataima, atavala jasi la mvula lomanga mabatani mpaka m'khosi, chipewa atachitsitsira kumaso. Bamboyo anapatuka mwaulemu, n'kufunsa ngati kunyumba n'kutali. A Chimbalanga anayankha kuti ndi pompano, poganiza kuti akufuna kuwalandira katundu. Koma munthuyo anangoti chabwino. Atayenda pang'ono, a Chimbalanga anacheuka. Pa mlatho panalibe munthu, koma matabwa amene anaimapo anali onyowa. Tsiku limenelo anafotokozera akazi awo ngati nkhani yoseketsa, kuti amisala achuluka, ena akuvala majasi m'chilimwe.

Masana omwewo analumikiza zonse. A Nasibeko, amene sankasamala za nyimbo za amuna awo, ananena okha kuti anasiya mbale zodyera m'madzi n'kukaima pakhomo. Anati zinali ngati woimbayo wakhala pabalaza pomwepo. Unkamva akukoka mpweya asanayambe mzere, unkamva zala zikutsetsereka pa zingwe za gitala. Kokwezera mawu kanali katangopotozedwa pang'ono chabe, koma nyimbo inadzaza nyumba popanda kupweteka makutu. A Chimbalanga anali atatsinzina, misozi ili m'masaya. Akazi awo anali asanawaonepo choncho ngakhale pa maliro a mayi awo.

Masiku atatu anapita bwino. Kenako zinayamba, ndipo zinayamba pang'ono.

Ampulifaya ya mavalavu imafuna kanthawi kuti itenthe, ndipo pa kanthawi kameneko a Chimbalanga ankakhala chete, mbale ili m'manja. Tsiku lachinayi, ali chikhalire choncho, anamva wotchi ikugunda m'masipika. Tiki, tiki, pang'onopang'ono, ngati wotchi yaikulu yapakhoma. M'nyumba mwawo munalibe wotchi yotero. Monga munthu wa masiginolo, anati ndi mawaya akukoka siteshoni ina ya wailesi. Anasintha mawaya, anasuntha ampulifaya kuchoka pafupi ndi windo, anakhoma chitsulo pansi panja n'kulumikizako waya. Wotchiyo inapitiriza. Mawa lake, kuwonjezera pa wotchi, anamva mpando ukulira ngati munthu wasuntha thupi. Tsiku lina anamva tsamba la nyuzipepala likutembenuzidwa, ndi sipuni ikuzungulira m'kapu. Kuseri kwa zonsezo, kutali, kunkamveka mvula pa malata. Kunja kunali dzuwa loswa mtengo.

Anaitana akazi awo kuti adzamvere. A Nasibeko anamva, ndipo anati aibweze. A Chimbalanga anati palibe choopsa, singano ikangogunda mbale zonsezo zimabisika. Zinali zoona. Nyimbo ikayamba, china chilichonse sichinkamveka.

Koma a Nasibeko ndi amene ankasesa pabalaza m'mawa uliwonse, ndipo anayamba kupeza mipando itatembenuka. Madzulo ankaisiya itazungulira tebulo, m'mawa n'kuipeza yayang'ana ku masipika. Anafunsa amuna awo, iwo anati sanaikhudze. Mbale ina ya kwaya, imene a Chimbalanga sankaikonda ndipo inkakhala pansi pa katoni yachinayi, inayamba kupezeka pamwamba pa zinzake. Akaibwezera pansi, mawa inali pamwamba. Makapu a tiyi anayamba kuchepa m'kabati, osasweka, kungosowa. Galu wawo, amene anamulera kuyambira ali kamwana, anasamukira kwa oyandikana nawo, ndipo akamuitana ankangogwedeza mchira ali kutsidya kwa mpanda.

Chimene chinawavuta kwambiri a Nasibeko si mipando kapena makapu. Chinali chakuti nyimbo zinayamba kuchepa. Poyamba amuna awo ankadikira kanthawi kochepa n'kuika mbale. Kenako kanthawiko kanatalika. Pofika mu Novembala, ankayatsa ampulifaya akangodya chakudya cha masana, n'kukhala pamenepo mpaka dzuwa kupendeka, mbale ili pamiyendo, osaiika. Akawafunsa chimene akumvera, ankayankha kuti anthuwo akucheza. Akafunsa kuti akucheza zotani, ankati mawu ake samveka bwino, amalankhula chapansipansi, koma ukakhala chete nthawi yaitali umayamba kutolako limodzilimodzi.

Anayamba kuvala juzi kunja kukutentha. Chakudya ankangochilawa. Analetsa akazi awo kusinja pafupi ndi nyumba, ndipo iwonso anayamba kulankhula monong'ona, ngakhale ali panja. Anzawo a ku njanji akabwera kudzasewera nawo bawo, ankawabweza pakhonde, kunena kuti sakupeza bwino. Lamba anabowola kawiri mwezi umodzi chifukwa cha kuwonda. A Nasibeko anapita nawo kuchipatala, ndipo kumeneko anayeza magazi, shuga, chifuwa, n'kunena kuti palibe chimene chapezeka, adzidya mokwanira basi.

Tsiku lina ku mjigo, mayi woyandikana nawo nyumba anafunsa a Nasibeko kuti alendo awo achokera kuti, ndipo bwanji satuluka kudzapereka moni. A Nasibeko anafunsa kuti alendo ati. Mayiyo anati amene amakhala pabalaza masana aja, amawaona pa windo akamayanika zovala, mitu yokha, atayang'ana kukhoma. A Nasibeko anati ndi achibale a kumudzi, sakhalitsa. Anasenza ndowa yawo n'kubwerera.

Anaganiza zoimbira foni mwana wawo Ulemu, amene amaphunzitsa ku Mzuzu, koma anasowa chomuuza. Kuti bambo ako akumvera wailesi kwambiri? Anaganiza zouza akuluakulu a mpingo, koma amuna awo ndi munthu wodziwika ndi ulemu wake, ndipo sankafuna kuti dzina lawo liyende m'makwalala. Anakhala chete masabata ena awiri.

Linali Lachinayi pamene anasiya kukhala chete. Anali ku msonkhano wa amayi ku tchalitchi, ndipo pobwerera, cha m'ma fayifi koloko, anaona kuti magetsi azima dera lonse. Chigayo chinali chete, owotcherera zitsulo atakhala pa mabenchi akusewera makadi. Mumtima anati bola lero, mwina akawapeza ali panja. Atafika anapeza chitseko chotseka. Analowera kukhitchini n'kusuzumira pabalaza.

Mavalavu anali akuyaka. Ankafiira mofanana ndi masiku onse, babu la kudenga lili lozima, firiji ili chete. A Chimbalanga anali pa mpando wawo, juzi ndi bulangete, manja pa mawondo, milomo itatuwa. M'masipika munkamveka wotchi ija, mvula ija, ndi anthu akuyankhulana chapansipansi. A Nasibeko anaima pamenepo akumvera, ndipo pakati pa mawuwo anamva munthu akutsokomola. Chinali chifuwa chimene anachidziwa zaka makumi atatu ndi zisanu, chouma, chobwera kawiri motsatizana, chimene chimathera ndi kakung'ung'udza. Chinatulukira m'masipika. Pakamwa pa amuna awo panali potseka, ndipo chifuwa chawo sichinagwedezeke.

Sanakuwe. Anamasula chitenje chimene anavala pamwamba, analowa, n'kuphimba ampulifayayo. Anayembekezera kuti iwatentha manja, poti mavalavu amatentha ngati mbaula, koma inali yozizira ngati mwala wa mumtsinje. Anazula mawaya onse kumbuyo. Phokoso la m'masipika silinaduke nthawi imodzi, linachita kuzimirira pang'onopang'ono ngati anthu akutuluka m'chipinda.

A Chimbalanga anatembenuza mutu movutikira. "Make Ulemu," anatero, "musawadzidzimutse."

A Nasibeko anawagwira mkono n'kupita nawo kuchipinda, opepuka ngati mtolo wa mapesi, ndipo anawamwetsa phala ndi sipuni. Ampulifaya anaimanga m'chitenje chomwecho n'kukaisiya m'khola la nkhuku. M'mawa anapeza nkhuku zonse zitagona mumtengo wa mapeyala.

Anasenza mtolowo pamutu n'kupita ku Limbe. Che Asedi atawaona akubwera anatuluka mu shopu n'kuima pakhomo, kuti mtolowo usalowe. Anamvetsera nkhani yonse maso ali pansi. Kenako anavomera kuti analakwa, anayenera kukana kwamtuwagalu tsiku lija. Anati anthu awiri oyamba aja ankangodandaula za maloto ndi kuzizira m'nyumba, chifukwa masipika awo anali wamba. Sanaganize za chimene chingachitike ikakumana ndi masipika a makutu ngati aja.

A Nasibeko anafunsa ngati angaiphwanye kapena kuiponya m'chimbudzi. Che Asedi anati iye sangalangize zimenezo, chifukwa chinthu ukachiphwanyira pakhomo pako, zimene zili mkatimo zimatsala pomwepo. Anati inabwera ndi dalaivala wina wa lole, amene anaipeza pochotsa katundu m'nyumba ina ya makalaliki pa esiteti ya tiyi kupitirira Bvumbwe. Mkati mwa bokosi, pansi pake, munalembedwa dzina ndi pensulo: Namakhwa. Anawauza dzina la esitetiyo ndi poyenera kutsikira.

"Ndinayenera kuipititsa ndekha kalekale, amayi," anatero. "Ndinkaopa ulendowo."

A Nasibeko anakwera minibasi ya ku Thyolo n'kukhala mpando wakumbuyo, mtolo uli pamiyendo. Mukudziwa mmene amapakirira anthu pa msewu umenewo, anayi anayi ngakhale pamene payenera atatu. Minibasi inadzaza, ena atapanikizana mpaka kukhomo, koma pa mpando wakumbuyo palibe amene anabwera. Aliyense wolowa ankasuzumira kumbuyoko n'kukakhala kwina. Kondakitala, akuwerama kufuna malo a mayi wina wa mwana, anati, "Amayi, auzeni anzanuwo asunthe pang'ono." Atayang'anitsitsa anatseka pakamwa, n'kutembenuka, ndipo mpaka kukafika sanayang'anenso kumbuyo. Galasi la pambali pa a Nasibeko linachita nthunzi ngati nthawi ya chiperoni, pamene magalasi ena onse anali owuma.

Anatsika pa mphambano imene anawauza, n'kuyenda m'kanjira ka pakati pa tiyi. Mtolowo, umene ku Bangwe unkasenzeka bwinobwino, unayamba kulemera, moti khosi linkawawa ndipo anapuma katatu. Othyola tiyi amene anakumana nawo anawalozera mzere wa nyumba zakale za njerwa kumapeto kwa munda. Zambiri zinali zopanda madenga. Pa nyumba yomaliza, mayi wina wokalamba ankapalira chinangwa kuseri kwa khitchini.

Mayiyo anaweramuka, n'kuyang'ana. Sanayang'ane a Nasibeko. Anayang'ana pambali pawo, kenako pambali inayo. Anaika khasu pansi, anapukuta manja pa chitenje, n'kugwada pang'ono.

"Mwabwera, achimwene," anatero. "Mwabwera, alamu."

Kenako ndi pamene anapereka moni kwa a Nasibeko n'kuwalandira katundu. Dzina lawo linali Esitere, mlongo wake wa Namakhwa. Iwo amakhala m'khitchini ya panja, nyumba yaikuluyo anaisiya chitsekere. Anawapatsa madzi akumwa, ndipo anafotokoza mwachidule, ngati munthu amene wafotokozapo kambiri ndipo palibe anamukhulupirira.

Anati achimwene awo anali kalaliki pa esitetipo, munthu wa luso la manja, ndipo ampulifayayo anaipanga okha chaka chathunthu, potsatira mabuku amene ankaitanitsa pa positi. Lamulungu lililonse masana ankakhala pabalaza ndi akazi awo kumvera makwaya. Chaka china, mu Januwale, mvula inagwa kuyambira Lachisanu osakata. Lamulungu a Esitere anapita okha ku tchalitchi, ndipo anachedwa kubwerera chifukwa mtsinje unadzaza. Atafika anapeza chitseko chili pululu. Awiriwo anali atamwalira m'mipando yawo, atavala bwinobwino, tiyi ali pa tebulo, nyuzipepala ili pamiyendo. Nyimbo inali itatha, singano ikungokanda kumapeto kwa mbale. Panalibe bala pa aliyense. Pansi panali madzi, kuchokera pakhomo mpaka pakona, ngati munthu analowa osakunkhumula zovala. Anthu anati ndi mphenzi, koma tsiku limenelo palibe anamva bingu.

A Nasibeko anafuna kufunsa zina, koma a Esitere anati zimene akudziwa n'zomwezo. Anati katundu wa m'nyumbamo anatengedwa iwo ali m'chipatala zaka zingapo zapitazo, ndipo kuyambira pamenepo nyumbayo inkangomveka ngati chitini chopanda kanthu. Anatenga kiyi amene anali pa chingwe m'khosi, anatsekula, ndipo awiriwo analowetsa ampulifaya n'kuiika pa windo la pabalaza, poti munalibe tebulo. A Nasibeko anasiya chitenje chawo pomwepo. A Esitere anakhoma chitseko, n'kuwaperekeza mpaka pa mphambano, akuyenda mopepuka kuposa msinkhu wawo. Pobwerera, a Nasibeko anapanikizana ndi anthu anayi pa mpando umodzi, thumba la kabichi lili pa mapazi awo, ndipo anati sanakondwerepo ndi kupanikizana ngati tsiku limenelo.

Anafika ku Bangwe dzuwa lisanalowe. Ali patali anaona amuna awo atakhala pakhonde, juzi atavula, akudya chinangwa chophika chimene mayi woyandikana nawo anawapatsa. Nkhope inali itayamba kubwerera. Anawalandira ndi mawu awo enieni, osanong'ona, n'kufunsa za ulendo. A Nasibeko anakhala pansi n'kufotokoza zonse, za Che Asedi, za minibasi, za mayi wokalamba amene anagwadira achimwene ake ndi alamu ake.

A Chimbalanga anasiya kutafuna. Anafunsa kuti mayiyo analonjera anthu angati.

"Awiri," anatero a Nasibeko.

"Awiri basi?"

"Achimwene ake ndi alamu ake. Awiri."

A Chimbalanga anaika mbale ya chinangwa pansi. Anayang'ana mpanda. Kenako anati, "Anali atatu, make Ulemu. Awiriwo sankalankhula mokweza chifukwa cha wachitatuyo. Ankamuopa."

A Nasibeko anafunsa kuti wachitatuyo ankanena chiyani. Iwo anati sankanena kanthu, ankangopuma. Anafunsanso kuti ali kuti tsopano. A Chimbalanga anangoyang'ana ku windo la pabalaza, ndipo sanalowemonso, tsiku limenelo kapena lina lililonse.

Anaitana akuluakulu a mpingo, amene anabwera anayi, anapemphera, anaimba nyimbo ziwiri, n'kunena kuti sanaone chachilendo, kungoti m'chipindamo mukuzizira. Tiyi anakamwera panja. Masipika aja anafuna kuwachotsa, koma kuti atuluke pankafunika kuzulanso felemu ya chitseko. Kalipentala woyamba analowa, anayeza, n'kunena kuti abwera mawa ndi zida. Sanabwere. Wachiwiri chimodzimodzi. Ulemu atabwera pa holide anauza makolo ake kuti agulitse nyumbayo, koma a Nasibeko anafunsa kuti agulitse kwa yani, munthu wa ana ake adzalowemo osadziwa? Nkhani inathera pomwepo.

Papita zaka zinayi tsopano. A Chimbalanga ananenepa, amalima masamba kuseri kwa nyumba, ndipo anzawo a bawo anabwerera. Amalowera ndi kutulukira kukhitchini, ndipo alendo amawalandirira pakhonde, mvula ikagwa amawalowetsa kukhitchini komweko. Palibe wadwala, palibe chasowa. Pabalaza amalowamo ndi a Nasibeko okha, kamodzi pa sabata, Loweruka m'mawa, chifukwa amati chipinda cha m'nyumba mwawo sangachisiye osasesa.

Tsiku limene ankandiuza nkhaniyi linali Loweruka. Atamaliza nkhwani zija anatenga tsache, ine n'kuwatsatira mpaka m'kakhonde ka mkati. Anaima pa chitseko cha pabalaza, m'nyumba yawo yomwe, anagogoda kawiri n'kunena kuti, "Odi." Anadikira, mutu atapendeketsa, kwa nthawi imene munthu angamwere kapu ya madzi. Kenako anatsekula n'kulowa.

Atatuluka ndinawafunsa ngati amayankhidwa. Anakunkhumula tsache lawo pa mwala, n'kunena kuti ayi, mpaka lero sanayankhidwepo, ndipo n'chifukwa chake amalowa.